Galimoto ya zitsulo yomwe ndinasankha ndekha

Ndikulemba izi nsapato zili chonyowa, ndangotsika basi, pomwe galimoto yathu ili phee panjapa, youma bwinobwino pansi pa lona. Inde, galimoto tili nayo. Anasankha ndine. Musaseke msanga, dikirani ndifotokoze.

Ine ndine wamantha, ndivomere. Chibadwire Tadala, mwana wathu woyamba, manthawo anachita kunenepa. Akagona ndimapita kukamvetsera ngati akupuma, sitima ikamabwera ndimaima kukhoma, ambulansi ikalira (ndipo kuno ku Edmonton, mu London muno, imalira tsiku lonse, chipatala tili nacho pafupi) ndimaimbira bambo ake foni kuti ndingomva mawu awo. Ndiye tangoganizani tsiku lomwe bambo a Tadala anabwera kuchokera ku shifiti nkhope ikuwala, n'kunena kuti akufuna kuyamba za thiraki dei.

"Za chiyani?"

"Kunja kwa London kuli mabwalo othamangitsira galimoto, amake Tadala. Umapita ndi galimoto yako yomweyi ya mumsewu, umathamanga mmene ungathere, wapolisi kulibe. Si mpikisano ayi. Madzulo umabwerera nayo kunyumba."

"Nanga inuyo mukapanda kubwerera?"

Anawalowetsa zimenezi ndi a Tembo, mnzawo wa kuntchito wochokera ku Lusaka, munthu woti ngakhale ngolo ya m'shopu amakhota nayo atapendekera thupi. Ndinalira, ndinanyanyala chakudya, ndinapemphera mokweza dala kuti amve ali kubafa. Sizinathandize. Mapeto ake tinagwirizana kuti galimoto ikhala imodzi, poti poimika pa fulati yathu ndi pamodzi, ikhala ya banja komanso ya masewera awowo, koma wosankha ndikhala ine. Ndinadziona wochenjera zedi.

Loweruka lake tinasiya Tadala kwa akazi a Tembo, ife atatu pa galimoto ya a Tembo, ulendo wa ku Wembley, kwa mzungu wina wachikulire yemwe ankagulitsa galimoto zake ziwiri. (Kumusiya mwanayo ndi komwe kunandipweteka. Akanakhala kumsana kwanga, ndikanamukumbukira.)

Bambo a Tadala anapita molunjika pa kagalimoto kabuluu, kakang'ono, ka zitseko zinayi, mapepala onse a mumsewu ali m'malo. A Tembo anagwedeza mutu. "Mulamu, aka ni kabwino poyambira. Sikathamanga maningi, munthu aphunzira bwino bwino." Ine ndinakagogoda pachitseko ndi chala. Kanalira ngati chitini cha mabisiketi. Bambo a mwana wanga alowe m'chitini?

Kenako ndinasuzumira mu inayo, yofiira, yomwe inali pakona. Maiwe! Zitsulo! Mapaipi onenepa ngati mkono wanga, kuchokera pansi kukwera kudenga, kupingasa kumbuyo, kutsikanso m'mbali mwa zitseko.

Apa ndiyenera ndikuuzeni kanthu kena kuti musandiyese wamisala. Ine ndinakulira pa pulazi ya fodya ku Zimbabwe, komwe agogo anga anapita kukagwira ntchito kuchokera ku Malawi. Bambo anga ankayendetsa thirakitala. Tsiku lina inagubuduka nawo pamtsetse wopita kudamu, ine ndikuona ndi maso angawa, ndili kamwana. Fumbi litatha anatuluka pansi pake chokwawa, akutsokomola, osathyoka ngakhale chala, chifukwa cha chitsulo chokhota chomwe chinali pamwamba pa mpando wawo. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma phunziro limenelo ndinalisunga: pomwe pali chitsulo, munthu amatuluka wamoyo.

"Iyi," ndinatero.

Bambo a Tadala anacheukira kwa ine. "Amake Tadala, mwaiona bwino?"

"Ndaiona. Taonani malambawo, akudutsa m'mapewa monse ngati mbereko. Taonani chozimitsira moto pambali pa mpando. Kabuluu kanuko kali nacho?"

"Mulamu," anatero a Tembo motsitsa mawu, "iyi motoka ni chilombo."

"Chilombocho ndiye chabwino. Chinditetezere mwamuna wanga."

Mzungu uja, Mulungu amudalitse, anayesetsa. Anandifunsa ngati tili ndi mwana, ine n'kuyankha monyada kuti eya, n'chifukwa chake ndikufuna yolimba. Anakanda mutu, n'kuyang'ana bambo a Tadala. Bambo a Tadala anayang'ana ndege yomwe inkadutsa. Mzungu uja atayamba kuloza kumbuyo kwa galimotoyo, komwe kunali mulu wa matayala osinthira, ndinamudula pakamwa. Ndinkati akufuna atikankhire chitini chija, yabwinoyi atsale nayo. Pobwerera ndinakhala kutsogolo, malamba atandigwira nganganga, injini ikubangula mpaka mano kumanjenjemera, ine mumtima muli mbee. Madzulo omwewo ndinaimbira amayi a kumpingo kwathu, mmodzimmodzi, kuwauza kuti ndasankhira banja langa galimoto yoti ngakhale itagubuduka simuchita kanthu.

Lamulungu m'mawa tinatchena, Tadala mu diresi yake ya pinki, ine ndanyamula mpando wake wa m'galimoto womwe tinapatsidwa ali wakhanda. Bambo ake anatsitsa matayala aja limodzilimodzi. Pansi pake panalibe kanthu. Chitsulo chokhachokha. Mipando m'galimoto monsemo inali iwiri. Ife tilipo atatu.

Ndinayesa kuika mpando wa mwana kutsogolo. Mpando wakutsogolowo ndi wakuya ngati beseni, wamwanawo sukhazikika, ndipo malamba aja ndinkawatamawa samanga chilichonse chosakhala munthu wamkulu.

"Bwanji simunanene?"

"Ndinafunsa ngati mwaiona bwino."

"Kufunsa kwake kumeneko? Mukuyang'ana ndege?"

"Munati wosankha ndinu, amake Tadala."

"Bwezeranimoni mipando!"

Anandilozera paipi yowotcherera, yodutsa ndendende pomwe pakanakhala mutu wa mwana. Ndinakhala pansi pa khonde ndi zovala za kutchalitchi zomwezo.

Tinakwera basi, ine ndi Tadala, mvula ikuwaza. Bambo ake anatsogola pa galimoto, ndipo phokoso lake linatulutsa anthu m'tchalitchi nyimbo ili mkati. Ine pofika ndanyowa, amayi ena anandilandira pakhomo akumwetulira mbali imodzi. "Amake Tadala, paja munati mwagula galimoto?"

"Yatsogola," ndinatero.

Koma zonsezi n'zazing'ono. Tsiku la thiraki dei litakwana ndinasiyanso mwana kwa akazi a Tembo, n'kupita ndi bambo ake, kuti chilichonse chochitika chichitike ndikuona. Ndinaima pampanda, manja ndagwira waya. Panali tigalimoto tina tofanana ndi kabuluu kaja, tikuzungulira mwaulemu, ngati tikupita kumsika. Yathu inkadutsa ngati yaba kanthu. Ndinkangoona chofiira, ndikamatembenuza khosi yapita kale. Kenako pakona yakutali inagwedeza kumbuyo, n'kuzungulira, n'kuzunguliranso, n'kukalowa m'timiyala tomwe amathira m'mbali. Fumbi linati koboo, lofanana ndi la ku pulazi lija. Ndinafuna kukuwa dzina lawo koma m'kamwa munatuluka la Tadala.

Anatuluka, akukweza dzanja. Osathyoka ngakhale chala.

Atafika pomwe ndinali ndinawagwira paliponse, mutu, nthiti, mawondo, ndikulira, kenako ndinapeza mpweya wonenera kuti, "Mwaona zitsulo zanga?"

Anavula chipewa cholimba cha kumutu. "Zitsulo zanu sizinagwire ntchito, amake Tadala. Galimoto sinagubuduke. Yandipitirira mphamvu basi, ine ndikuphunzira kumene. Kabuluu kaja sikakanafika n'komwe liwiro limenelo."

A Tembo, omwe analinso pomwepo, anatsegula pakamwa, ndinawayang'ana, anatseka.

Pobwerera ndi pomwe zinandilowa m'mutu. Mwamuna wanga anali atasankha yekha yofatsa, yoti aphunzirire pang'onopang'ono, yoti mwana wake akweremo. Liwiro lonse lija linagulidwa ndi mantha anga.

Sabata yathayi anabwera ndi nkhani yabwino. Wogula wapezeka, ndipo iwo aona ina yonga kabuluu kaja, yoti Loweruka azikathamanga nayo, Lamulungu tonse atatu kutchalitchi. Ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinatsala pang'ono kuvina. Kenako pakamwa panga panatseguka pokha.

"Ili ndi zitsulo?"

"Ayi. Ili ndi mipando."

"Nanga ikagubuduka?"

Anatenga foni, n'kumuuza wogula uja kuti ayambe wadikira. Mpaka lero akudikirabe. Mawa Tadala ali ndi tsiku la kusikelo, ndipo akuti mvula igwanso. Ambulera ndaika kale pakhomo.