Mmene Ndinakalambitsira Kompyuta ya Apongozi

Kwa Bwana Mkulu wa kampani yopanga pulogalamu yoyendetsa makompyuta,

Wolemekezeka,

Mtendere ukhale nanu, inu ndi onse okupukutirani mpando. Ine ndine Wagdi el-Shennawi wa kuno ku mzinda wa Tanta, mkamwini wa Haji Abdel-Sattar, mwini fakitale ya maswiti a chitowe ndi mtedza. Pabanja pano amanditchula kuti Injiniya. Sukulu yake sindinapondeko. Ndinangosolola pepala limene linakanirira m'makina osindikizira tsiku limene ndinabwera kudzafunsira mbeta, dzinalo n'kundimatirira. Ndadya nalo chidale cha bakha Lachisanu lililonse kwa zaka khumi ndi ziwiri.

Ndalemba kuti ndithokoze.

Choyamba, zikomo chifukwa cha batani lija lakuti "Chotsani ndi kuikanso". Kompyuta yathu ili ndi ntchito imodzi yokha, yosindikiza timapepala tomata pa mabokosi a maswiti. Kutatsala masiku asanu kuti tichite chikondwerero chathu cha Maulidi, nyengo imene Tanta yense amatafuna maswiti, inayamba kudandaula kuti mbali ina yofunika ya pulogalamu yanu yatha mphamvu. Ndinadina batanilo ndi chala chimodzi, dzanja lina lili ndi tiyi. Kuchotsako munachita mwachangu chosiririka. Pa kuikanso m'pamene munatopa.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha uthenga wanu wakuti "Vuto 0x8F2". Ndinauwerenga mokweza pamaso pa apongozi, uku ndikugwedeza mutu ngati dokotala. Iwo anati, "Injiniya, chikuti bwanji chinthuchi?" Ine ndinati, "Ababa, zimenezi n'zakuya." Sindinaname, pakuti ndinali nditamira kale.

Chachitatu, zikomo pondiphunzitsa kupirira. Ndinazimitsa n'kuyatsa, ndinauzira fumbi, ndinasintha chingwe, ndinaimba foni ku ofesi yanu yothandiza anthu kumene munandisangalatsa ndi kanyimbo ola lathunthu. Ndinayesa kuikanso kasanu ndi kawiri. Ulendo uliwonse kamzere kobiriwira kankafika pa 99, n'kubwerera ngati mlendo amene waiwala nsapato. Mabokosi mazana anayi anali mbwee opanda timapepala. Kenako Haji anati, "Ikapanda kudzuka pofika Lachinayi, ndiitana Medhat." Medhat ndi mwana wa mchimwene wawo, injiniya wa satifiketi yeniyeni, ndipo ndi amene anafunsira mkazi wanga Tahani ine ndisanatulukire. Bwana, apa ndinachita mantha enieni. Za maswiti ndinalibe nazo ntchito. Ndinkaopa kuona Medhat atakhala pampando wanga, Tahani akumuthirira tiyi, ine ndikungotchedwa Wagdi.

Lachitatu masana apongozi anga aakazi, Haja Insherah, amene sanakhudzepo kompyuta chibadwire, analowa ndi mbale ya mphesa. Anasuzumira pakona pa galasi la kompyutayo n'kunena kuti, "Mwananga, 2046 imeneyi ndi chaka? Ndiye kuti ine ndinafa kale, inu osandiuza?"

Apa ndiulule. Vutoli lisanayambe Haji anadandaula kuti kompyuta ya m'nyumba ya Msilamu ikuwerenga zaka za Azungu zokha. Pofuna kuwakondweretsa ndinatsegula posinthira tsiku. Chaka chathu cha Chisilamu, cha Hijiri, ndi 1446, koma mpata wake unali wa manambala awiri, choncho ndinalemba 46. Kompyuta, mwa ulemu wake, inaika 20 kutsogolo. Inakalamba zaka makumi awiri ndi ziwiri tsiku limodzi, ndipo inkakana pulogalamu yanu poganiza kuti chilolezo chake chinatha kalekale. Nditabweza chaka, zonse zinatheka m'mphindi zinayi.

Haji ndinawauza kuti ndachita opaleshoni mkati mwenimweni mwa ubongo wake, ndipo Medhat sanaitanidwe. Haja anangondiyang'ana akutafuna mphesa. Sanaulule kwa amuna awo, koma Lachisanu chidale chinagwera m'mbale ya Haja, ine ndinalandira khosi. Tahani akamati "Injiniya" masiku ano amayamba watsokomola.

Ndamva kuti ena amakunenani kuti mukanangolemba kuti "Onani tsiku". Musawamvere, Bwana. Mawu awiri amenewo aliyense akanawamva, nanga ife ena tikanadyera kuti?

Ndigwada ndi mapempho awiri. Tsiku lija la pakona mulichepetse, maso a nkhalamba asamalione. Komanso munditumizire kalata ya chidindo chachikulu yonena kuti Vuto 0x8F2 ndi nthenda yoopsa imene amachiza akatswiri okhaokha, ndiipachike pamene Haja amakhala. Kalata yotere singakuvuteni kulemba, popeza inu ndi ine ntchito yathu ndi imodzi: tonse timadya chifukwa anthu satimva.

Wanu wodzichepetsa mpaka 2046,

Wagdi el-Shennawi,
Injiniya, pakadali pano