A Yuniya Obweza Zinyalala

Ku Chiwanga ukataya chinthu pagombe, chinkakutsatira mpaka pakhomo. Sanali matsenga ayi, anali a Yuniya, mayi wamasiye wamfupi ngati mtondo, koma mawu awo ankamveka mpaka ku Meluluca. Ankayenda ndi dengu kutola zinyalala, n'kumabwezera eni ake mmodzimmodzi.

Amene anatopa nawo kwambiri ndi a Jafari, msodzi woyandikana nawo nyumba. Iwo akatumbula kampango n'kusiya matumbo pamchenga, asanasambe n'komwe m'manja ankangomva:

"Odi kuno! A Jafari, mwaiwala katundu wanu."

"Katundu wanji, mayi? Nyanja ikokolola zimenezo!"

"Ikokolola n'kuthira mumtsuko wa akazi anu. Tiyi wanu wa mawa akhala ndi msuzi."

A Jafari anakumba dzenje tsiku lomwelo, akung'ung'udza. A Yuniya ataima chapafupi n'kumalamula: matumbo a nsomba patsinde pa nthochi, makoko a chinangwa kwa mbuzi, phale la mphika likhale lomwera nkhuku, phulusa kuchimbudzi. Kwa iwo chotayiratu chinali ntchentche yokha.

Sankaona nkhope. Lamulungu lina anafika kutchalitchi atasenza garafawu, chibotolo chija cha vinyo, n'kuchitula pamapazi pa a Bartolomeyo, mphunzitsi wa mpingo, anthu onse akuona.

"Aphunzitsi, ichi chinagona m'bango kuseri kwanu."

"Ndi... ndimasungiramo mafuta a nyale," anatero a Bartolomeyo.

A Yuniya ananunkhiza kukamwa kwa botolo. "Nyale yanuyo iyenera kuti imayenda dzandidzandi."

Koma nkhani imene a Jafari ankaisimba mpaka kutsokomola ndi ya asilikali a Chipwitikizi. Inali nthawi ya nkhondo, munthu akangomva injini ya boti lawo ankameza mawu. Asilikaliwo anabwera kudzasambira, anadya, anaimba, n'kusiya gombe lili mbwee ndi zitini ndi mabotolo osweka. Kamdzukulu ka a Yuniya, Susana, kanaponda chitini phazi n'kung'ambika. Agogo ake anamanga balalo, n'kutenga dengu kukatola zitini ndi mabotolo aja.

"Kankhani bwato," anatero a Yuniya kwa a Jafari, dengu litadzaza.

"Tikupita kuti?"

"Kukabweza katundu."

"Mayi inu, ine ndili ndi ana! Manja angawa ndi okokera khoka, si olandirira mbalamatodya, thabwa lawo lomenyera m'manja lija!"

"Palasani, a Jafari. Pakamwa ndi panga, inu yanu ndi nkhafi."

Anapalasa, akutchula mapemphero onse amene ankawadziwa. Atafika pachipata cha msasa, a Yuniya anakhuthula dengu pamapazi pa mlonda, khochokhocho!

"Bondiya, sinyoro. Mwaiwala izi. Komanso mundifunsire kwa akulu anu: munthu wanzeru angabwere ndi nsomba za m'chitini kunyanja yodzaza usipa?"

Womasulira wa pamsasapo anangomasulira moni uja wa "bondiya" yekhayo, zinazo anameza. Komabe mkulu wa asilikali atatuluka n'kuona zinyalalazo anafiira ngati tsabola, n'kugamula kuti mayi wamwanoyu asese gombe lonse la Chiwanga mpaka mwezi uthe, sipayi, wapolisi wa boma, akumulondera. A Jafari anapumira m'mwamba. Atacheuka anaona a Yuniya akumwetulira ngati awapatsa nsalu yatsopano.

Mayi wanga ine, mwezi umenewo! Sipayi wake anali Abudo, chimunthu chachitali, chofatsa ngati ng'ombe. A Yuniya ankatsogola ndi tsache, iye pambuyo ndi ndodo ya boma.

"Mwamuona uyu? Boma landipatsa. Tolani makoko anuwo!"

Anthu ankatola ndi zimene sanataye. Posakhalitsa dengu ankasenza ndi Abudo. Zitini zija anazisula kukhala nyale za koloboyi, Chiwanga yonse n'kumawala ndi nsomba za Apwitikizi. Mwezi utatha, a Yuniya anamutuma Abudo kukafunsa ngati chilangocho sangachiwonjezereko pang'ono. Iye anakana, akuti ntchito ankaifunabe.

A Yuniya anamwalira nyengo ya mwera, atangodwala chifuwa masiku ochepa. Pamaliro panadzaza a kutchalitchi ndi a kumzikiti omwe. A Bartolomeyo analalikira mpaka mawu kuwathera. Abudo anabwera osavala za usipayi, nakhala kumbuyo akulira ngati mwana. A Jafari sanalire. Ankangouza aliyense kuti tsopano apuma, makutu awo azizirako.

Gombe silinade kwenikweni. Maenje analipo, nthochi zinkabereka mikoko yolemera, mbuzi zinanenepa. Kungoti m'mawa munkatalika. A Jafari ankasoka ukonde pakhonde, maso ali kunjira, ndipo akazi awo a Salha ankati ayamba kukangana ndi nkhuku.

Tsiku lina a Jafari anadya nthochi, anayang'ana uku ndi uku, n'kuponya khoko pakati penipeni pa njira. Anabwerera pakhonde n'kukhala. Anthu anadutsa, ena analilambalala, ena analidumpha. Dzuwa linafika pamutu, khoko lija linada n'kufota.

"Mukudikira ndani, bambo?" anafunsa a Salha.

"Palibe," anayankha a Jafari.

Anadzuka pang'onopang'ono, anakalitola okha, n'kukapatsa mbuzi.