Makompyuta Amanyazi

M'mudzi wina, womwe dzina lake sitilitchula chifukwa eni ake akadali moyo, munafika makompyuta khumi ndi awiri ochokera kwa anthu akufuna kwabwino. Anawaika m'chipinda china pasukulu. Opereka mphatsowo anasiya mawu amodzi okha: woyang'anira chipindacho akhale munthu wa setifiketi ya netiweki, woti azilumikiza makompyutawo kuti azilankhulana.

Ndaziona Chimbalanga, telala wa pakhonde la golosale, anaifuna ntchitoyo ndi mtima wonse, pakuti makina osokera anali atamumaliza msana. Atafunsa m'tauni anamuuza kuti munthu woyamba kumene amatenga miyezi isanu ndi umodzi, mwinanso isanu ndi inayi, akamawerenga tsiku ndi tsiku. Nkhaniyi anakaitula kwa a Biziwiki Kachiwaya, Wapampando Wamuyaya wa Komiti Yaikulu Yoona za Mawaya ndi Zinthu Zosaoneka.

"Miyezi isanu ndi inayi?" anatero a Kachiwaya. "Mayi, mukukaphunzira kapena mukukatenga pathupi?"

"Ndi mmene zimakhalira, bambo. Pali mayeso."

"Mayeso a chiyani? A Gositino anapita kuboma Lolemba, Lachitatu n'kubwera nayo setifiketi. Ya riboni!"

Zinali zoona. A Gositino Mwalabu anakhalapo pa maphunziro a masiku atatu a netiweki ya mabungwe, komwe anaphunzira kupatsana moni ndi kusinthana manambala a foni. Liwu loti netiweki linalipo papepalapo, lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Komiti inaligwira ndi chala mmodzimmodzi, n'kuwapatsa udindo wa Mlumikizi Wamkulu Wogwirizira.

Ndaziona sanataye mtima. Phazi linkapalasa makina, maso ali pabuku. Tsiku lina anasoka thumba la buluku la m'busa chozondoka chifukwa mutu unali pa manambala a makompyuta. Madzulo ankadutsa pasukulu paja n'kusuzumira pazenera.

Mmenemo a Gositino anali pa ntchito yaikulu. Anaika makompyuta mozungulira kuti aonane nkhope. Iliyonse anaimata kapepala ka dzina pachifuwa. Ataona kuti sakulankhulanabe, anawagawa m'magulu a anayianayi kuti akakambirane. Kenaka anawaimbitsa kanyimbo kochotsa tulo, iwo akuomba m'manja okha.

"Ndi amanyazi," anafotokoza kwa komiti. "Achokera kunja awa. Tiwapatse nthawi azolowere."

Komiti inalemba kuti ntchito ikuyenda bwino.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri Ndaziona analephera mayeso ndi mamalikisi ochepa. Analira pang'ono, n'kuyambiranso. Wachisanu ndi chinayi anabwera nayo setifiketi yake, yopanda riboni. Anapempha kuti ayeseko pamaso pa komiti yonse. Anatulutsa mawaya omwe a Gositino ankayanikapo mataulo, nawalowetsa m'kabokosi kothwanima timagetsi, n'kulemba manambala pa kompyuta iliyonse. Tiyi wa komiti asanazizire, kalata yolembedwa pa kompyuta yoyamba inatulukira pa yomaliza.

Anthu anakuwa. Amayi ena analuluta. Ndaziona anaima chilili, m'mutu akutsanzikana kale ndi makina osokera.

Komiti inapita kuseri kwa kalasi kukanong'onezana. Pobwera, a Kachiwaya anakonza kukhosi.

"Mayi Chimbalanga, tathokoza. Koma taona tokha ndi maso athu kuti ntchito yanuyi ndi ya mphindi makumi awiri. Tingalembe munthu wamkulu ntchito ya mphindi makumi awiri? Anthu angatiseke."

"Nanga a Gositino?" anafunsa Ndaziona.

"A Gositino akhala nawo makompyutawa miyezi isanu ndi inayi, osajomba. Lero ayamba kulankhulana. Mukuyesa manyazi aja anawachotsa ndani?"

A Gositino anaweramitsa mutu modzichepetsa, ndipo komiti inachotsa liwu loti Wogwirizira pa udindo wawo.