Labu ya Pakhonde ndi Mbuzi ya Apongozi

Khalani pansi ndikuuzeni ndekha manyazi anga, chifukwa mukakamva kwa anthu a kwa Wimbe akawonjezera, pomwe ntchito yowonjezera nkhani pamudzi pano ndi yanga.

Inali nyengo ya nazale. Amene munalimapo fodya mukuidziwa: kheni yothirira dzanja ili, ina dzanja ilo, kudambo m'mawa, kudambo madzulo, msana ukulira ngati chitseko cha tchalitchi. Mabedi tinali titakonza, kutangotsala kufesa. Ine ndinali nditatopa kale mbewu isanagwe n'komwe pansi.

Pakhomo panali mbuzi ya apongozi anga aamuna, aChisale. Anandipatsa kuti ndiziweta, pangano lake lakuti ikaswa, kamwana koyamba n'kanga. Ine chibadwire sindinakhalepo ndi chiweto choposa nkhuku. Tsono mbuziyo inali ndi bere, koma inaonda moti panthiti pake ukanatha kuyanikapo fodya. Apongozi anatumiza mawu kuti abwera Lamulungu kudzaiona, ndipo akapeza kuti sindikuisamala, aitenga.

Sabata yomweyo kalabu yathu ya alimi inandituma ku Boma ndi timajumbo ta ndowe za mbuzi zawo kuti zikayezedwe ngati zili ndi nyongolotsi. Za mbuzi ya apongozi sindinatenge. Ndinaidikira m'mawa wonse jumbo ili m'manja, iyo ikungondiyang'ana n'kumabzikula, mpaka matola anafika.

Ku labu ya ziweto ndinapeza mtsikana wa mandala, woyankhulira m'mphuno. Ine ndimayembekeza makina aphokoso, koma iye anangotenga kapu, madzi, mchere ndi sefa. Sefa ya tiyi yeniyeni, abale! Anati madziwo amathira mchere mpaka ukane kusungunuka. Anaphwanyiramo ndowe pang'ono, n'kusefa, n'kudzaza kabotolo kakang'ono mpaka pakamwa, n'kuvundikira ndi kagalasi. Anandifotokozera kuti madzi amchere amalemera, ndiye zinyalala zimamira, mazira a nyongolotsi n'kuyandama, kudzamatirira kukagalasi kaja.

Titadikira pang'ono, anaika kagalasi pa maikulosikopu n'kundiuza kuti ndisuzumire. Ndinaona mazira ngati a nkhanga, ali ndanda.

Apa m'pamene mutu wanga unandipereka. Ndinayang'ana mandala ake aja, ochindikala ngati pansi pa botolo, n'kunena mumtima kuti makinawa anamugulira chifukwa cha maso akewo. Ine maso anga amaona nsabwe za fodya ndili panjinga. Mchere ndili nawo. Sefa ilipo. Ndidzavutikiranji ndi matola?

Ndinafika kumudzi ndili dokotala. Pachigayo ndinachita sewero lonse, kutsina mphuno n'kumati, “Bambo, musagwire, zimenezo n'za sayansi.” Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo ndinalengeza kuti Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, labu itsegulidwa pakhonde panga.

Lamulungu linafika, apongozi nawo anafika. Mayi a Tamanda, akazi anga, anawalonjera, n'kuwaikira mpando pansi pa mtengo wa mango, kenako anatenga makheni kupita kudambo kukanyowetsa mabedi, poti tinagwirizana kufesa mawa lake. Apongozi anaizungulira mbuzi ija, kuigwira nthiti, osanena kanthu. Munthu ameneyu akakhala chete, ngakhale nkhuku zimayenda monyang'ama.

Ine ndinavala malaya oyera a kwaya, m'manja majumbo a shuga ngati magolovesi. Mbuzi nayo tsiku limenelo inandimvera chisoni, inapereka timpira tiwiri ta ndowe pompopompo, totentha. Mchere wa mwezi wonse ndinakhuthulira mumphika wa madzi. Sefa ndinatenga ija timasefera tiyi wa alendo. Chinasowa ndi kabotolo. Ndinalowa m'nyumba, kupapasa kuseri kwa shelufu, n'kupeza tambula yagalasi yovundikira ndi kansalu. Pansi pake panali kafumbi kofiirira. Ndinati, chinthu chimene ndikukathiramo ndowe ndichitsukirenji?

Ndinaphwanya, ndinatakasa, ndinasefera mutambula muja, anthu atandizinga ngati ndikugawa makuponi. Ndinawauza kuti akhale chete, mazira sakonda phokoso.

Sipanatenge nthawi. Pamwamba pa madzi obiriwira aja panayamba kubwera timadontho, tating'onoting'ono, tofiirira, tambirimbiri, mpaka pamwamba ponse panachita bii.

Sayansi yagwira! Ndinanyamula tambula ndi manja awiri, kukagwada patali pang'ono ndi apongozi monga mwa ulemu, n'kutsina mphuno.

“Bambo, lipoti latuluka. Kuonda kwa mbuziyi si vuto la kasamalidwe ayi. Onani nokha mazirawa.”

Apongozi anawerama, kuyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati onsewo atuluka m'timpira tiwiri tokha tija. Ndinati eya, ndipo amenewa ndi oyamba kudzuka, ena akadali mtulo pansi. Pakamwa panga pakayamba sipakhala mabuleki. Ndinati ku Boma sanaonepo zotere, mbuzi za kalabu yonse kuziphatikiza sizingafike apa. Ndinafika ponena kuti mwina chimene tikuchitcha bere si bere, ndi msonkhano wa nyongolotsi. Amayi ena anagwira pakamwa. Wina anakokera mwana wake kutali ndi khola.

Nthawi imeneyo mayi a Tamanda anatulukira, makheni m'manja, matope mpaka m'mawondo, nkhope ya munthu amene alibe mphamvu yokangana. Analowa m'nyumba. Tinamva ziwiya zikugundana. Anatuluka ndi kansalu kaja m'manja.

“Bambo a Tamanda, tambula inali kuseri kwa shelufu ija ili kuti?”

Ndinawauza kuti adikire kaye, ili pantchito ya labu. Anayandikira, kusuzumira, n'kuviika chala m'madzi muja, opanda ngakhale magolovesi. Anatikita timadontho tija pachikhatho n'kupumira m'mwamba.

“Iyi ndi mbewu yathu ya fodya. Makoswe anaboola pepala lake, ndiye ndinaikhuthulira umu kuti tifese mawa.”

Ine, Lufeyo, amene ndinayamba kufesa fodya ndisanamere ndevu, kulephera kuzindikira mbewu ya fodya! Ya munda wonse, itamwa mchere, itanunkhira mbuzi. Kenako wina kumbuyo anatsina mphuno n'kuti, “Bambo, musagwire, zimenezo n'za sayansi,” ndipo chiseko chinaphulika mpaka agalu anayamba kuuwa.

Apongozi okha sanaseke. Anadzuka pang'onopang'ono, kusasa fumbi kuthalauzi, n'kupita kukamasula chingwe pachikhomo. Ndinawatsatira, majumbo a shuga akali m'manja, ndikuchonderera kuti bere lija n'lenileni ndithu, zamsonkhano zija ndimangocheza.

Anaima, osanditembenukira n'komwe.

“Ayi, mkamwini, simunalakwe. Inu mwayeza, tonse taona. Koma mbuzi yotulutsa mbewu ya fodya sindingaisiye kwa munthu wina. Ndikaisunge ndekha, mwina chaka chamawa iyamba kutulutsa mabelo.”

Inakaswera kwawo, mapasa. Ine ndinatsala ndi mabedi opanda mbewu, ndiwo zopanda mchere, ndi sefa imene mpaka lero mlendo akaiona amati wamwa kale tiyi kunyumba.

Nzeru zosuzumira pakabowo kamodzi, abale, musamaziitanire apongozi.