Pampu ya m'nyanja ya mchere

Nzeru za Frazer zinkabwera akafika pa chipanda chachitatu cha mowa kwa mayi Dorika. Anzake ankamutcha Injiniya chifukwa anatsukapo magalimoto miyezi itatu pa galaja ina ku Kasungu Boma, ndipo chichokereni kumeneko panalibe chitsulo chimene iye ankavomera kuti sachidziwa.

Lachitatu lina, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, Injiniya anali ndi nkhawa yeniyeni. Mbande zake za fodya ku nazale zinali kufota. Mkazi wake Ezelina, amene ankasenza yekha makeni a madzi kuchokera pachitsime cha m'dambo, anali atanena mosapsatira kuti mbandezo zikangouma, iye akubwerera kwawo ku Kapelula. Munthu wina akanangotenga keni n'kumathirira. Koma Injiniya ankati manja a munthu wophunzira makina si osenzera madzi.

Anaitana anzake awiri pafupi. Panali Prosper, wotchedwa Mabuleki chifukwa ngolo ya amalume ake imene ankayendetsa inalibe poimira, ndi Dominic, wotchedwa Katekisiti, amene sankaba nkhuku asanapemphere.

"Adha, dilu yapezeka," anatero Injiniya. "A Jafar aitanitsa pampu. Osati izi zoseweretsa ayi. Pampu ya m'nyanja ya mchere, yochokera ku Nacala."

Nkhaniyo inali yoona pang'ono. A Jafar, mwini sitolo pa Wimbe, anali ndi boti limene limawolotsa anthu pa Bua nthawi ya dzinja. Injini yake anaigula yakale ku Mozambique, ndipo mchere unali utadya kale pampu yozizitsira injiniyo, moti inkadontha. Anali ataitanitsa yatsopano. Apa m'pamene Injiniya anayambira masamu ake. Anati chinthu chimene chimakoka nyanja yathunthu sichingavutike ndi kachitsime ka m'dambo, ndipo nazale yonse idzakhuta pa mphindi khumi. Mabuleki anafunsa kukula kwake. Injiniya anatambasula manja mpaka kugwetsa chipanda cha munthu wina, n'kulamula kuti ngolo ibwere ndi ng'ombe zonse ziwiri.

Anasankha Lachisanu masana, nthawi imene a Jafar amatseka sitolo n'kupita ku mzikiti. Pa nzeru zonse za sabata imeneyo, yokhayi ndi imene inali ndi mutu.

Kanyumba ka kuseri kwa sitolo kanali komanga ndi waya chabe. Katekisiti anapempha chitetezo mwachidule, n'kumasula. M'katimo anapeza injini ya boti itakolekedwa pathabwa, mwendo wake uli mumgolo wa madzi. Pambali panali masipanala, ndi kakatoni katsopano kokhala ndi kachitsulo kosaposa chibakera ndi kamphira kokhala ngati duwa. Mabuleki anafunsa ngati pampu ija sinali imeneyo. Injiniya anaseka mpaka kugwira nthiti. Anati kameneko ndi kachivindikiro chabe, pampu ndi chimphona chili mumgolomo, nanga si chaima kale m'madzi. Anasiya kakatoniko pomwepo, n'kusenzera injini ndi thanki yake m'ngolo, n'kufundika ndi masaka a fodya. Safunsa anadya phula.

Ku dambo anapingasa mtengo pakamwa pa chitsime, n'kumangirirapo injini, mwendo uli m'madzi. Mabuleki ndi Katekisiti anagwira mtengowo uku ndi uku. Ezelina anali chapatali ndi makeni ake, akuonerera. Injiniya anamuuza kuti apumule, lero aona kukwatiwa ndi munthu wasukulu.

Anakoka chingwe kanayi. Kachisanu injini inabangula, mbuzi za m'dambo lonse n'kuduladula zingwe. Madzi amene ankayembekeza anatulukadi, koma pa kachibowo kakang'ono cham'mbali, kamtsinje kowonda ngati mwana akukodza, kenako n'kusanduka madontho.

"Ikutenthetsa kaye," anakuwa Injiniya. "Gwirani zolimba, ndiwonjezere moto."

Anapotoza chogwirira mpaka kumapeto. Injini ya boti ntchito yake ndi kukankha, ndipo inakankhadi. Mapiko ake achitsulo anavundula matope a pansi pa chitsime n'kuwamwaza pa mabedi onse a mbande. Mtengo unazungulira, kumukolopa Mabuleki m'miyendo, Katekisiti n'kulowa m'chitsime chamutu, Amen ali m'kamwa. Makoma a chitsime, amene anali dothi chabe, anagumukira mkati. Injini inayamba kufuka utsi wonunkha mphira wopsa, chifukwa pampu yodontha ija sinkaizizitsa, ndipo inakhosomola kawiri n'kuzima yokha.

Pa Wimbe ponse pali injini imodzi yokha yolira chotero. A Jafar anaimva akuvala nsapato pakhomo la mzikiti. Anafika pa njinga ali mumkanjo ndi mzuli, pambuyo pawo pali apolisi a m'mudzi ndi theka la msika. Anapeza Injiniya ndi Mabuleki akukoka mnzawo m'matope, onse atatu osazindikirika nkhope.

A Jafar sanakalipe. Anayamba agwira injini yawo, n'kuchotsa dzanja msanga chifukwa cha kutentha. Kenako anafotokoza modekha, ngati akuphunzitsa ana, kuti pampu ya boti imangomwetsa injini kuti isapse, ndipo yatsopano ndi kachitsulo ka m'katoni kaja, kamene amafuna kumanga akabwera kopemphera. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Injiniya anayesa kunena kuti zimenezo ankazidziwa, koma matope anali atamudzaza m'kamwa.

"Komatu a Frazer," anatero a Jafar, "kuseri kwa chitseko chimene mwatsegulacho kuli pampu yopalasa ndi miyendo. Ndimabwereketsa alimi ulere. Mukanangobwera kudzapempha."

Apa ndiye manyazi anamugwira Injiniya zenizeni, ndipo kunena zoona, ngakhale ife oseka tinamumvera chisoni pang'ono. Apolisi aja anawakweza atatuwo m'ngolo yawo yomweyo pamodzi ndi injini, manja atamangidwa ndi chingwe cha ng'ombe.

Ezelina anayenda m'mabedi mmodzimmodzi, akufukula ndi chala. Pansi pa matope panalibe mbande yoimirira ngakhale imodzi. Sanalire, sanatukwane. Anatsuka manja m'madzi otsala mukeni, n'kutenga makeni onse awiri, poti anagula ndi ndalama zake za tomato, n'kulunjika njira ya kumsewu wopita kwawo ku Kapelula.

"Amake Thoko," anaitana Frazer ali m'ngolo, mawu atachepa. "Mukupita kuti ndi makeniwo? Chitsime chili kuno."

Ezelina anacheuka kamodzi, n'kuyang'ana dzenje lamatope lija.

"Chitsime chiti, bambo a Thoko?"

Mabuleki, pozolowera, anaziuza ng'ombe kuti ziyende, ndipo ngolo inalowera kwina, Ezelina kwina.