Khoma la Abiti Saidi

Pali tsiku limene amalume anga akalikumbukira amaseka mpaka kutsokomola, ine n'kumangoyang'ana pansi.

Amuna anga, bambo a Amina, ndi wojambula zithunzi pa maukwati kuno ku Mangochi. Kamera yawo safuna kuti munthu aigwire, ndiye ine ndinkaigwira akapita kosamba (mkazi aliyense amene sanachitepo zotere andiponye mwala). Tsiku lina ndinapezamo zithunzi zachilendo: zoyera mbee, zopanda munthu, zopanda mtengo. Pa chimodzi panaoneka kangodya ka zenera lobiriwira. Zenera limenelo ndimalidziwa, ndi la Abiti Saidi, mayi wosakwatiwa wogulitsa mandasi kuseri kwa msika, amene anali atangopaka laimu woyera nyumba yake.

Ndinayamba kuwalonda amuna angawo. Tsiku lililonse la ukwati ankadzera kumeneko, n'kuima pafupi ndi khomalo, n'kujambula. Mayiyo ankawapatsa moni akumwetulira mano onse panja. Nsanje inandigwira moti mandasi ndinawaletsa m'nyumba mwanga.

Kenako ndinakulitsa zithunzi zija ndipo ndinapeza umboni: kadontho kakuda, pamalo amodzimodzi, pa chithunzi chilichonse. Ine ndinagamula kuti ndi kabowo pakhoma komwe mayiyo amasuzumirirapo. (Musandifunse kuti munthu wamkulu angasuzumire bwanji pa kabowo ngati ka nyerere. Nthawi imeneyo zinkamveka.)

Sindinawafunse eni ake. Ndinakwera kabaza kukatenga amalume, omwenso ndi ankhoswe athu, ndipo anabwera atavala kanzu yawo yoyera ya ku mzikiti. Ndinafotokoza zonse misozi ili mbwembwembwe, mpaka kunena kuti ngati ndatopetsa andibweze kwathu ku Namwera.

Bambo a Amina anamvetsera osandidula. Nditamaliza anangoti, "Amalume, tatembenukani pang'ono."

Anajambula msana wa kanzu ija n'kutionetsa. Kadontho kaja kanali pomwepo, pamsana pa amalume.

Anafotokoza modekha, zomwe zinandiwawa kuposa kukalipa, kuti mkati mwa kamera muli kagalasi kogwira chithunzi, kotchedwa sensa. Posintha lenzi, galasi la kutsogolo lija, fumbi limalowa n'kukakamira pamenepo, ndipo kuti ulione umajambula chinthu choyera chopanda mawanga. Ukapanda kutero mkwatibwi amatuluka ndi chipsera pamphumi. Anatulutsa kampira kopemerera mpweya, fuu fuu, n'kujambulanso amalume. Kadontho kanali katapita.

"Nanga bwanji osajambula khoma lathu?" ndinafunsa, mawu atachepa.

"Khoma lathu ndi lofiira, mayi a Amina."

Amalume anapukuta misozi ya chiseko n'kunena kuti milandu aweruzapo yambiri, koma aka kanali koyamba kuitanidwa kudzaweruza fumbi.

Mawa lake ndinagula laimu n'kupaka khoma lathu ndekha ndi tsache, manja mpaka kusupuka. Amuna anga analiyang'ana, n'kundithokoza, n'kunena kuti lili ndi mizeremizere, silingathandize. Anati kuti m'nyumba mukhale mtendere azingojambula kumwamba kukakhala kopanda mitambo.

Manyazi ndinachita, ndipo kamera sindiigwiranso. Koma akatuluka panja n'kuitukula m'mwamba, ine ndimaimabe pakhomo ngati ndikusesa, kuonetsetsa kuti aloza mbali iti, chifukwa thambo la kum'mawa lili pamwamba pa nyumba ya Abiti Saidi.