Pikapu ya a Simwaka Sinkagwada

A Bizwell Simwaka a ku Lufita ankatha kukhululuka chilichonse, kupatula galimoto yogwada. Wowanyoza ankamuseka, wowabera nkhuku ankamupatsa moni kutchalitchi. Koma akangoona pikapu ikukoka ngolo, kumbuyo kutakhala pansi, mphuno ili m'mwamba, ankavula chipewa ngati akudutsa pamaliro.

"Taonani, anyina Tamara," ankatero kwa akazi awo, a Justina Nalungwe. "Yagwada. Ikugwadira ndani? Nyali zikuunikira mbalame, matayala akutsogolo akungopatsa msewu moni."

Ntchito yawo inali yokoka magalimoto ofera m'njira, ku Wenya, ku Misuku, kulikonse kumene injini yatopera. Ndipo chamanyazi chinali chakuti nayonso pikapu yawo inkagwada. Anapirira zaka zingapo, mpaka tsiku lina anatenga akazi awo ulendo wa ku Tunduma, nabwerako ndi matumba awiri a mpweya: timatumba takuda ta labala, tonga ng'oma zazing'ono, timene amatimanga pamwamba pa masipuling'i akumbuyo. Ukatipopa, galimoto imadzuka n'kuima chilili ngati msilikali.

Mtanzania wogulitsayo anali munthu woona. Anati, "Mzee, awa amangowongola galimoto basi. Mphamvu sawonjezera, mabuleki ndi omwewo. Pole pole, pang'onopang'ono pamtsetse."

Tsoka ilo, a Simwaka anali atalowa kale kunsi kwa galimoto, kukuoneka miyendo yokha. Mawu aja anawamva a Justina okha. Kuyambira tsiku limenelo, amuna awo akanyamuka, mtima wawo unkakhala pamtsetse wa ku Misuku, paja msewu umakhotera pamwamba pa phompho. Iwo sankafuna zambiri pamoyo uno. Ankangofuna kuti bamboyu adzafere panyumba, osati kukamutola m'munda wa khofi wa eni ake.

"Awiske Tamara, munthu uja anati mabuleki ndi omwewo," ankatero a Justina kwa amuna awo.

"Anatero? Ine sindinamve."

"Munali kunsi."

"Ndiye ankauza inu. Inu mumayendetsa galimoto?"

Lamulo la a Simwaka linali limodzi: mwini galimoto yofa ndiye apope. Pampu yake inali ya njinga, yoti upope mpaka uyambe kukumbukira machimo ako. Thumba lakumanzere linali ndi kapaipi kake, lakumanja kakenso, ndipo iwo ankaima chapatali, diso limodzi atatsinzina, n'kumalamula ngati akuimbitsa kwaya. "Kumanzere pang'ono. Pang'ononso. Aa, mwapitirira adada, chotsaniko."

Bwana wina wovala suti, amene galimoto yake inafera pafupi ndi mlatho akupita kukatsegulira msonkhano wa chitukuko, anaiyang'ana pampuyo ngati njoka.

"Kodi mukudziwa kuti ine ndine ndani?"

"Yewo bwana, ndikudziwa. Ndinu amene galimoto yanu yafa."

"Galimoto iyi si yanga, ndi ya Boma."

"Ndiye Boma lipope. Pano Boma ndinu."

Bwanayo anavula jekete, nalipinda bwinobwino, napopa. Amayi ochokera kuchigayo anatula mabeseni pansi kuti aonerere, poti ambiri a iwo anali asanaonepo Boma likutuluka thukuta.

Akumalire nawo matumbawa anawasowetsa mtendere. Wamisonkho wina watsopano, wochokera kummwera, anagwada n'kusuzumira kunsi.

"Ichi ndi tayala?"

"Ayi."

"Ndi katundu?"

"Ndi mpweya, bwana."

Anaganiza kwa nthawi, chifukwa anali mnyamata wakhama pantchito. Kenako anafunsa, "Mpweyawu mwaupopera mbali iti ya malire?"

Sikuti a Simwaka sankalakwitsa. Matumbawa amafuna uwaphwetseko ukatula katundu, apo ayi galimoto imauma ngati thabwa. Tsiku lina anaiwala, n'kunyamula mazira a akazi awo kupita nawo kumsika wa pa Boma. Pikapu inkadumpha ngati mbuzi yaona fisi. Pofika, a Justina anatsegula thireyi yapamwamba, anayang'ana, natsekanso.

"Koma tayenda chowongoka," anatero a Simwaka motsitsa mawu.

Sabata yonseyo anadya mazira okazinga, ndipo sanaloledwe kunena kuti atopa nawo.

Chimene chinkawaopsa a Justina n'chakuti bamboyu anali atayamba kukhulupirira kuti galimoto ikangoima chilili, ikhoza kukoka chilichonse. Anayamba ndi ma pikapu anzake, kenako minibasi, kenako anayamba kuyang'ana mathirakitala mwachikondi. Ndiye kunabwera a Gilbert Makwinja a ku ofesi ina pa Boma, munthu waulemu, wa ku Phalombe, amene anali ataphunzira kunena "mwawuka uli," mawu a moni wam'mawa wa kumpoto, ndipo ankawanena ngakhale masana. Ofesi yawo inali itabwereketsa thanki yamadzi ya matayala kwa omanga mlatho ku Misuku, ndipo tsopano inkafunika kubwerera. Anadzapempha a Simwaka kuti akaikoke.

A Justina anamva zonse ali kuseri kwa chitseko. Kutacha anavala nsapato zawo zapaulendo, nati akufuna kukagula nthochi ku Misuku.

Atafika anapeza thanki ija ili pamwamba pa mtunda, yaikulu ngati nyumba ya mphunzitsi, madzi akudontha pachivundikiro. A Makwinja anali atalamula kuti idzazidwe m'mawa womwewo.

"Bwanji yodzaza, bwana?" anafunsa a Justina.

"Amama, inatuluka ku ofesi yodzaza. Katundu wa Boma amabwerera mmene anatulukira."

"Nanga mutataya madziwo?"

A Makwinja anagwira pachifuwa. "Kutaya? Nditauza ndani?"

Anaikola thankiyo, pikapu n'kugwada mpaka kumvetsa chisoni. A Makwinja anapopa, anapuma, anapopanso, tayi ataiponya kumsana. Pang'onopang'ono kumbuyo kunadzuka. Alimi a khofi amene anasonkhana anaomba m'manja, ndipo a Makwinja anazungulira galimoto, manja kumbuyo, nalengeza kuti mwa kuona kwawo zonse zinali m'malo mwake. A Simwaka nkhope inkawala.

"Anyina Tamara, inu mukwere matola. Tikumana kunyumba."

A Justina anaika nthochi zawo kumbuyo, natsegula chitseko, nakhala kutsogolo, chikwama pamiyendo.

"Ndati mukwere matola."

"Ndamva. Inu mwati galimoto ili bwino. Bwana ati ili bwino. Ndiye ndikwerenji matola?"

"Msewu ndi woipa."

"Ndi woipa kwa ine ndekha?"

A Simwaka anaima, kiyi ali m'manja. Anayang'ana pikapu yawo, yowongoka ngati tebulo la m'kachisi. Anayang'ana mtsetse uja, wofiira, wonyowa ndi mvula ya dzulo, ukukhotera kuphompho. Kenako anayang'ana akazi awo, amene ankangoyang'ana kutsogolo, milomo ili chitsekere, zala zitafinya chikwama mpaka kuyera. Kwa nthawi yoyamba chigulireni matumba aja, bamboyu anasuzumira pansi pa chiwongolero, pamene pali buleki.

Anapita kumbuyo kwa thanki, natsegula mpopi.

"A Simwaka! A Simwaka! Madzi a Boma amenewo!"

"Tikatunga ena mumtsinje wa Lufita, bwana."

"Koma si omwewo!"

"Alipo amene amawadziwa nkhope?"

A Makwinja anaganiza mozama, madzi akudutsa pansapato zawo kupita m'munda wa khofi. Pomaliza anati, malinga ifike pageti yodzaza, iwo sanaone kanthu. Thanki inatsika yopanda kanthu, pang'onopang'ono, ndipo ngakhale choncho mabuleki ankanunkha pofika m'munsi. Palibe anayankhula za fungolo.

Kuyambira pamenepo a Justina sanatsikenso. Ulendo uliwonse wokakoka ankakhala pampando wawo, ndipo anthu anazolowera kuona a Simwaka akuyang'ana kaye galimoto yofa, kenako akazi awo. Mayi akangoti "mh," bambo ankauza mwini galimoto kuti lero matumba sakumva bwino, aitanitse lole ya ku Karonga. Sanavomerepo kuti amafunsa akazi awo. Ankati amawatenga chifukwa amathandiza kulemera kwa kutsogolo.

A Simwaka anamwalira chaka chatha, nyengo yokolola khofi. Anadwala masabata ochepa, nafera pabedi pawo, mwana wawo Tamara ali pambali, akazi awo atawagwira dzanja. Pamaliro panabwera masuti ambiri, ndipo zinadziwika kuti pafupifupi bwana aliyense amene anagwirapo ntchito ku Chitipa anali atapopapo. Ankafotokozerana monyada, aliyense akuti mtunda wake ndiwo unali woipa kwambiri.

Masiku ano galimoto ikafa ku Misuku imagona pomwepo, mwini wake akuimba mafoni, ndipo palibe amene amaima kuti aonerere. Msewu wangokhala msewu.

A Makwinja, amene tsopano anapuma pantchito, anafika mochedwa kudzapepesa. Anakhala pakhonde, chipewa pabondo, kenako anati, "Komabe amama, tithokoze kuti apita ali panyumba."

"Ndi zimene ndinkafuna," anatero a Justina. "Zaka zonse zija ndinkakwerera zimenezo."

Anayang'ana kumsewu. Anali atavala nsapato zawo zapaulendo, zomanga bwinobwino, ngakhale sankapita kulikonse.

"Kungoti munthu umazolowera, bwana. Kukacha ndimapezeka ndavala kale."